Kasokedwe ka chofunda cha zigamba cha mitundu ya mbendera ya Malawi

Mwezi wa Meyi ukamatha, mphepo ikayamba kuluma m'mawa, mauthenga a pa WhatsApp amayamba kubwera ndi funso lomwelija: "Chofunda cha mbendera chija munasoka bwanji? Nanga dzuwa lija munaliyeza ndi chiyani?" Amafunsa amayi a kumpingo, atelala achinyamata, ngakhale abale athu a ku Johannesburg ofuna kanthu kowakumbutsa kumudzi. Ndafotokoza pakamwa mokwanira. Lero ndilembe zonse pamodzi, kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Chofundacho ndinasoka mu 2014, pamene dziko linkakwanitsa zaka 50 chilandirireni ufulu pa 6 Julayi 1964. Ndinali ndisanasokepo chinthu chachikulu chotero. Mpaka pano chilipo, ndipo zimene ndikulemba zikuchokera pa zimene ndaona pa icho m'zaka zonsezi: pamene pagwira, pamene pasuluka, ndi pamene anthu amayamba kuyang'ana akangolowa m'chipinda. Onse amayang'ana dzuwa. Ena amafika pafupi n'kuyamba kuwerenga mizere yake ndi chala. Ndiye mukaona ndikuchedwa pa dzuwalo, musatope.

Chofunda cha zigamba, chimene Azungu amachitcha quilt, chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza: yapamwamba yolumikiza zigamba, chapakati chobweretsa kutentha, ndi yapansi yokhudza thupi. Zitatuzi zimasokedwa pamodzi kuti zisasiyane. Ku America amayi ambiri anasoka zofunda zotere za mitundu yofiira, yoyera ndi yabuluu mu 1976, dziko lawo likukwanitsa zaka 200. Ife mitundu yathu tili nayo, ndipo tsiku lathu la ufulu limagwa m'nyengo yozizira yeniyeni, pamene chofunda chili pantchito.

1. Yang'anitsitsani mbendera musanagule kanthu

Mbendera yathu ili ndi magawo atatu ofanana, opingasa: lakuda pamwamba, lofiira pakati, lobiriwira pansi. Pa gawo lakuda pali dzuwa lofiira lotuluka, la mizere 31. Chakuda chikuimira anthu a mu Africa, chofiira magazi a amene anafera ufulu, chobiriwira chonde cha dziko lathu.

Chenjerani ndi zithunzi za pa intaneti. Kuyambira pa 29 Julayi 2010, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, dziko linali ndi mbendera ina: chofiira pamwamba, chakuda pakati, ndi dzuwa loyera lathunthu. Nyumba ya Malamulo inabwezeretsa ya 1964 pa 28 Meyi 2012, m'nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda. Zithunzi za mbendera ya zaka ziwirizo zidakali mbwee, ndipo wosoka mothamanga atha kutengera imeneyo osadziwa.

Dziwaninso kuti mbendera ili ndi lamulo loiteteza, lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, limene limaletsa kuinyoza. Chosokera pakhomo panu ndi nkhani ina, koma ngati mukuganiza zosoka zambiri zogulitsa, yambani mwafunsa kuboma. Akuluakulu ena sakondwa kuona mwana atakhalira mitundu ya mbendera kapena kuipondaponda. Maganizo amenewo ndimawalemekeza, n'chifukwa chake kumapeto ndikuuzani kasokedwe ka thumba lopachikira pakhoma.

2. Miyeso ndi zogula

Mbendera ikatalika magawo 3 m'litali, m'lifupi imakhala magawo 2. Chofunda cha masentimita 225 kwa 150 chimatsata muyeso umenewu ndipo chimakwana munthu wamkulu. Gawo la mtundu uliwonse limakhala la masentimita 50. Chigamba chilichonse chikatha kusokedwa chikhale cha masentimita 12.5 mbali zonse. Ndiye kuti pamzere umodzi pakhala zigamba 18, mizere 4 pa mtundu uliwonse, zigamba 72 pa mtundu, zonse pamodzi 216.

Gulani nsalu yakuda mamita 3, yofiira mamita 3, yobiriwira mamita 2. Yakuda yachuluka chifukwa cha mkombero wa m'mphepete, yofiira chifukwa cha dzuwa. Yapansi mufunika mamita 5 oti mulumikize pakati, kapena shiti yaikulu ya bedi la dabulo ya pa kaunjika, imene imatchipa ndiponso imafewa bwino. Chapakati, pezani bulangeti lopyapyala lakale, lochapa bwino. Bulangeti lochindikala lija la maluwa lisiyeni, makina a phazi sangalikoke.

Nsalu zonse zikhale za thonje ndipo zolemera mofanana. Mukasakaniza thonje ndi nsalu yoterera ya layiningi, ina imabwerera pochapa ina ayi, chofunda n'kupindika. Pa gawo lofiira ndi lobiriwira, kukongola kwake n'kusakaniza zitenje zosiyanasiyana za mtundu womwewo. Pitani kwa telala wa pamsika mukapemphe kusankha m'thumba la zotsala, ambiri amakugulitsani motchipa. Koma pa gawo lakuda ikani nsalu yakuda bii yopanda maluwa. Mukaikapo chitenje chakuda cha madontho achikasu, mizere ya dzuwa imasowa m'menemo.

Zina zofunika: lumo lakuthwa, tepi yoyezera, mapini ambiri, katoni yolimba, pepala lalikulu la flip chart, ulusi wakuda, wofiira ndi wobiriwira, singano za makina nambala 14 ndi 16, ndi kachidutswa ka sopo wotsala kubafa. Sopo wopyapyalayo amalemba pa nsalu yakuda bwino kuposa choko, ndipo amachoka yekha pochapa.

3. Chapani nsalu, mtundu uliwonse pawokha

Apa ndi pamene anthu ofulumira amadumpha, kenako n'kulira pakuchapa koyamba. Nsalu yofiira imasuluka, yakuda nayonso. Viikani mtundu uliwonse m'beseni lakelake la madzi otentha ndi sopo, tsukuluzani, bwerezani mpaka madzi atuluke oyera. Kenako iyeseni: tengani kansalu koyera konyowa, kaikeni pamwamba pa yofiirayo, psinjani ndi nsimbi yotentha. Kakasintha mtundu, chapaninso. Ikapitirira kusuluka mutachapa kangapo, nsalu imeneyo isokereni china, musaiike m'chofunda.

Ambiri amati thirani mchere m'madzi, utoto ugwira. Musadalire zimenezo pa nsalu ya m'sitolo, kansalu koyera kaja ndiye kakuuzeni zoona. Kuchapaku kumachotsanso sitachi ya m'chitenje chatsopano, ndipo nsalu imabwereratu musanaidule. Yanikani pamthunzi, sitani ikadali yonyowa pang'ono.

4. Dulani zigamba

Dulani katoni ya masentimita 14.5 mbali zonse zinayi. Masentimita 2 owonjezerawo ndi malo a msoko, sentimita imodzi mbali iliyonse. Onetsetsani kuti makona ake ndi olunjika poyerekeza ndi kona ya buku lachikuto cholimba. Katoni imadyeka m'mphepete mukaizunguliza pensulo kambirimbiri, ndiye dulirani zitatu, muzisintha.

Chotsani kaye mphepete yolimba ya kufakitale, imene pa chitenje pamalembedwa dzina la kampani. Ikani katoni motsata ulusi wa nsalu, osati mopendeka, chifukwa chigamba chodulidwa mopendeka chimatamuka pansi pa phazi la makina. Pa nsalu ya masentimita 112 m'lifupi mutulutsa zigamba 7 pamzere.

5. Lumikizani magawo atatu, koma musawaphatikize

Matani kachidutswa ka tepi yomata pa makina, sentimita imodzi kuchokera pa singano, kuti mphepete ya nsalu izitsata pamenepo. Kusiyana kwa milimita imodzi pa msoko uliwonse kumaoneka kochepa, koma pa misoko 17 ya mzere umodzi kumafika pafupi masentimita 2, ndipo makona sakumananso.

Yalani zigamba pamphasa kaye, muzisuntha mpaka maluwa ofanana atalikirane. Sokani mzere ndi mzere. Posita, misoko ya mzere woyamba igonere kumanja, ya wachiwiri kumanzere, motero mosinthana. Mukamalumikiza mizereyo, misoko imakolana yokha ndipo pamphambano sipatupa. Bayani pini pa mphambano iliyonse. Ngati nsimbi yanu ndi ya makala, ipukuteni pansi ndipo sitirani kuseri, phulusa limaoneka msanga pa nsalu yakuda.

Mukhala ndi magawo atatu aatali. Lofiira ndi lobiriwira alumikizeni. Lakuda lisiyeni palokha, chifukwa dzuwa limasokeka bwino nsalu ikadali yaing'ono yotheka kuizunguza pa makina.

6. Dzuwa ndi mizere yake 31

Vuto lake nali. 31 sagawika ndi 2, ndi 3, kapena ndi nambala ina iliyonse yokuthandizani. Amene amayamba kuika mizere kuchokera kumanzere moyerekeza ndi maso amafika kumanja malo atatha, mizere itatu idakali m'manja, kapena malo atatsala. Ena amangoika 20 kapena 25 n'kunena kuti palibe adzawerenge. Amawerenga, makamaka ana asukulu.

Njira yake ndi yopinda pepala. Theka la bwalo mukalipinda pakati limakhala magawo 2, mukapindanso 4, kenako 8, 16, mpaka 32. Magawo 32 amalekanitsidwa ndi mizere yopinda 31 ndendende. Mzere uliwonse wopindawo ndi malo a mzere umodzi wa dzuwa, ndipo simufunika kuwerengera madigiri.

Yalani pepala la flip chart, limene mbali yake yaitali imakwana masentimita 84. Pezani pakati pa mphepete yaitaliyo, khomanipo kamsomali pa thabwa. Mangani ulusi wosatamuka pa msomali, mbali inayo pensulo, ndipo jambulani matheka a bwalo atatu kuchokera pa msomali womwewo: la masentimita 18, la 22, ndi la 42. La 18 ndi dzuwa lenileni. Pakati pa 18 ndi 22 pakhala mpata wakuda. Mizere iyambira pa 22 kukathera pa 42. Dulani pepala motsata bwalo lalikulu.

Pindani pakati, kenako kawiri kenanso, kuti magawo akhale 8. Apa lekani kupinda mounjika, chifukwa pepala lachindikala ndipo mizere ya mkati iyamba kuthawa. Litambasuleni, ndipo gawo lililonse mulipinde palokha pokumanitsa mzere ndi mzere woyandikana nawo, mpaka 16, kenako 32. Kandani mzere uliwonse ndi chikhadabo. Mukatha, yezani pamphepete ya bwalo lalikulu: kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake pakhale masentimita 4 ndi kakang'ono pamwamba, paliponse mofanana. Lembani manambala 1 mpaka 31. Wa 16 ndi woloza kumwamba, ndipo mbali iliyonse kuli 15.

Tsopano boolani timabowo ndi msomali pa mzere uliwonse, kamodzi pa bwalo la 22, kena pafupi ndi mphepete ya 42. Yalani gawo lakuda patebulo. Lembani ndi sopo mzere wowongoka masentimita 3 kuchokera m'mphepete yapansi: imodzi ilowa mumsoko, ziwiri zikhala kampata kakuda pansi pa dzuwa. Ine ndimakonda kampatako chifukwa dzuwa lofiira likagundana ndi gawo lofiira limamira. Ikani mphepete yowongoka ya pepala pa mzere wa sopowo, ndipo mzere wa 16 ugone pa msoko wapakati, wa pakati pa chigamba cha 9 ndi cha 10. Bayani mapini, perani choko m'timabowo, chotsani pepala, ndipo lumikizani timadontho tiwiritiwiri ndi rula ndi sopo. Werengani mizere pa nsalu musanapitirire.

Mizere yeniyeniyo ipangeni motere. Dulani timalamba ta nsalu yofiira yopanda maluwa, ta masentimita 2.4 m'lifupi ndi 22 m'litali, 31, ndi tina tiwiri tapadera pamwamba pake. Pindani mphepete zonse ziwiri zikumane pakati, sitani, kalamba kakhale ka 1.2. Pindaninso sentimita imodzi kunsonga zonse. Musakulitse kuposa apa. Kumunsi, pa bwalo la 22, mizere imatalikirana masentimita 2 okha ndi pang'ono, ndiye timalamba tikanenepa tigundana n'kusanduka chibuluma chofiira. Riboni ya m'sitolo imafupikitsa ntchito, koma yambiri ndi ya pulasitiki ndipo imasungunuka ikakumana ndi nsimbi ya makala.

Musayambe kusoka pa makina. Gwirizirani kaye kalamba kalikonse pamanja ndi msoko wautaliutali wa ulusi woyera, woti mudzausolola pambuyo pake. Mapini okha sakwanira pa kanthu kopyapyala chotere. Mukatha onse, pachikani nsaluyo pachingwe, bwererani masitepe asanu, muiyang'ane. Mzere wopendeka umaoneka patali, osati pafupi, ndipo pano kuukonza n'kungosolola ulusi umodzi.

Posoka pa makina, ikani nyuzipepala pansi pa nsalu yakuda kuti isakwinyike, mudzaing'amba mukatha. Yambani ndi wa 16, kenako 15 ndi 17, 14 ndi 18, motero kutsika mbali zonse mosinthana. Mbali zonse ziwiri za kalamba muzisoke kuchokera kudzuwa kupita kunja. Mukatsika mbali ina n'kukwera inayo, kalambako kamapotoka ngati chingwe cha khonje, ndipo nsimbi siikawongolanso.

Theka la dzuwa ndiye losavuta. Dulani katoni ya theka la bwalo la 18, ndi nsalu yofiira yokulirapo sentimita imodzi ndi theka kuzungulira. Sokani msoko wamanja m'mphepete mwa mbali yozungulira, ikani katoni mkati, kokani ulusi kuti nsalu ikumbatire katoni, pindani mbali yowongoka, sitani mwamphamvu, chotsani katoni. Ikani nsalu ina yofiira mkati kuti misoko ya zigamba zakuda isaonekere, ndipo sokererani pamalo pake. Mukatero lumikizani gawo lakuda ku lofiira.

7. Sanjikizani zitatu zija

Kolopani pasimenti. Yalani nsalu yapansi chafufumimba, ikokeni pang'ono ndi kutsindira m'makona ndi njerwa zokulunga m'nsanza. Pamwamba pake bulangeti, kenako ya zigamba. Yapansi ndi bulangeti zitsale masentimita 5 mbali zonse, chifukwa zimalowa mkati posoka. Gwirizirani zitatuzo ndi misoko yaitali yamanja kuyambira pakati kupita kunja, motalikirana ngati chikhatho. Itanani mnzanu, ntchito iyi ndi ya anthu awiri ndipo imapweteka mawondo.

8. Sokani zigwirane

Pa makina, ikani singano nambala 16, talikitsani msoko, ndipo kulungani mbali imodzi ya chofunda kuti ilowe pansi pa mkono wa makina. Sokani motsata misoko ya zigamba, kuyambira mzere wapakati. Ulusi wapamwamba uzisintha ndi mtundu wa gawo. Musakoke chofunda, chinyamuleni kuti kulemera kwake kusakoke singano. Makina a Singer kapena Butterfly a phazi amatha ntchitoyi ngati bulangeti ndi lopyapyala. Pa dzuwa musadutsepo ndi mizere yowongoka, zungulizani theka la bwalo, kenako sokani pamanja ndi ulusi wakuda m'mipata ya pakati pa mizere.

Ngati makina akukana, mangani mfundo. Pa mphambano iliyonse ya zigamba lowetsani ulusi wochindikala kawiri, mangani mfundo yolimba kuseri, dulani kusiya sentimita imodzi. Changa chija magawo ofiira ndi obiriwira ndi a mfundo, ndipo bulangeti la mkati silinasunthe mpaka lero.

9. Mkombero ndi thumba lopachikira

Dulani zotsala m'mphepete kuti zitatu zija zifanane. Dulani malamba 8 a nsalu yakuda a masentimita 7 m'lifupi, alumikizeni akhale lamba mmodzi, mupinde pakati m'litali. Sokani kumaso kwa chofunda pa sentimita imodzi, tembenuzirani kuseri, malizani pamanja. Mkombero wa nsalu ziwiri chotere ndi umene umapirira, chifukwa chofunda chimayamba kutha m'mphepete momwe manja amakoka usiku.

Wofuna kupachika pakhoma asoke kuseri, m'mphepete yapamwamba, thumba lalitali la masentimita 10 lotseguka mbali zonse, lolowetsamo nsungwi yowongoka. Musakhome misomali pa nsalu. Kuseri komweko sokererani kansalu koyera kolembapo dzina lanu, mudzi ndi chaka, ndi ulusi osati bolopeni.

Posankha khoma kapena bedi, thawani pawindo. Pa changa, mbali imene inkaombedwa ndi dzuwa la masana yakuda yake inayamba kufiirira, pamene mbali inayo idakali bii. Chapani ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa, osachiviika usiku wonse, osachipotokola pofinya. Yanikani pamthunzi pa zingwe ziwiri kuti kulemera kwa madzi kusadule misoko. Ngati mukufuna chikhale chokonzeka pa 6 Julayi ndipo mumasoka madzulo okha mukaweruka, nsalu muchape mu Epulo, ndipo dzuwa lokha mulipatse sabata yathunthu.